Seva nayo imauzidwa njira

Amisiri akamakonza seva amaiuza njira yodzera mauthenga: kaya HTTP, pomwe wofunsa amaima chilili kudikira yankho, kaya JMS, pomwe uthenga umakhala pamzere mpaka mwiniwake atabwera. Amaiuzanso kuti idikire masekondi angati isanataye mtima.

Koma amene amalembapo masekondi 30 sanagulitsepo kachewere ku Angónia. Cha ku Calómuè foni imadzuka ili pa netiweki ya Mozambique, masana yathawira ya ku Dedza osatsanzika. Wogula akulumbira kuti mametikali watumiza, mayi wogulitsa akweza foni m'mwamba, phazi lili pathumba. Seva yagonja kalekale. Mayiwo ayi ndithu: "Achimwene, khalani pansi, thumbali silinyamuka foni isanalire."