Paki Yathu Ndi Yochepa Mwendo

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ankanena za mayi wobereka, koma masiku ano mwambiwu ukufunika kwambiri kwa anthu amene ali ndi WhatsApp. Mlamu wanu wa ku Johannesburg watumiza chithunzi: kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali, akatungwe opaka utoto, kanjira kothamangamo kokhala ndi chikwangwani chakechake. Pansi walembapo kuti, "Tili kupaki ndi ana." Inu muli pakhonde ku Mchinji kuno, mukuyang'ana bwalo la mpira la pasukulu pomwe mbuzi zikuchititsa msonkhano pakatikati, mtima nkuyamba kuwawa.

Pepani achimwene, paki tili nayo. Kungoti ndi yochepa mwendo, ndipo apa sitikukuluwika ayi, bwalolo ndi lopendekeradi. Timu imene yapambana poponya kandalama imasankha kuyamba chotsetsereka, ndipo ikalephera kumwetsa zigoli zitatu m'chigawo choyamba imadziwiratu kuti ikabwerako kopuma ikukakwera phiri. Mapolo a golo ndi a bulugama, lina lalitali lina lalifupi. Mtanda wapamwamba udapindika kalekale chifukwa mkati mwa sabata ndi pomwe ana amalendewerapo, ndiye katungwe wathu ameneyo. Ukonde palibe, choncho chigoli chilichonse ndi mlandu. Woimbira akakayika amafunsa anyamata okhala kuseri kwa golo, ndipo VAR yathuyi imagamula molingana ndi mudzi umene yachokera.

Nanga kapinga? Amametedwa tsiku ndi tsiku, mwaulere, ndi antchito amiyendo inayi amene amathiranso manyowa pomwepo. Goloboyi akadumphira mpira amadzuka atadziwa kuti manyowawo ndi a lero.

Ku New York kuli paki yotchedwa Central Park, ya maekala 843, yomwe idatsegulidwa mu 1858. Kumeneko munthu wamkulu bwinobwino amavala kabudula nkumayenda makilomita angapo osanyamula kanthu, osapita kumaliro, osakatenga ngongole, akuti akuwongola miyendo. Tayesani zimenezo kuno kumalire. Mukangodutsa kawiri pa njira imodzi chimanjamanja, agogo a pamsewu akufunsani: "Kodi mwataya chiyani, mwanawe?" Mukadutsa kachitatu, mbiri yafika kwa amfumu kuti pali wina akuzonda khola la ng'ombe.

Komatu tinjira ta m'tchire tili nato tambirimbiri, ndipo tosalala kuposa ta kwa azungu. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chamakono cha Mchinji ndi Mwami, choti apaulendo azidinditsa ziphaso zawo pamalo amodzi. Nchokongola zedi. Koma tinjira tozungulira kuseri kwake tidatsegulidwa kale popanda kudula riboni, ndipo amene amatisamalira ndi njinga za kabaza. Mnyamata wokankha matumba awiri a chimanga mbandakucha, maso uku ndi uku, amachita masewera olimbitsa thupi amene mlamu wanu amalipirira marandi mwezi uliwonse. Kusiyana kwake nkwakuti uyu akathamanga pamakhala chifukwa.

Malirewo ndiye amakometsanso mpira wathu. Pa Sabata masana timu ya mudzi imatulukira ndi nambala 9 wachilendo, wamsinkhu, wa jombo zatsopano. Mukafunsa akuti ndi msuweni wathu, kwawo kwa amayi ake nkonkuno. Zoonadi, mabanja ambiri kuno adagawidwa ndi mzere wa atsamunda omwe ankatcha boma lathuli Fort Manning, ndipo Achewa a mbali zonse amakakumanabe ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Ndiye mungamuletse bwanji munthu kumenyera timu ya amalume ake? Akagoletsa, ochemerera amamufupa ndi kwacha, iye nkuyamba wayang'anitsitsa kaye kuti ndi kwacha ya dziko liti.

Ana nawo sadikira zitsulo zopaka utoto. Atsikana ajambula jingo pansi ndi kamtengo, ena ali pa fulaye ndi mpira wa masokosi. Anyamata amanga chikulunga cha majumbo, wina akuyendetsa galimoto ya mawaya yomwe siima pa mzere wa mafuta. M'mbali mwa bwalo muli amayi a zitumbuwa, nzimbe, mtedza wophika, ndi chiwaya cha tchipisi cha mbatata ya kachewere. Pakhomo salipiritsa, poti khomolo palibe. Izi zimavutitsa asing'anga a matimu okha, amene amalangiza osewera kuti alowe podumpha mpanda, mpanda wake kulibe.

Tsono mwambi uja sunanene kuti mayi wochepa mwendo asagulidwe ndodo. Ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, adamanga Bingu National Stadium yomwe idatsegulidwa mu 2017, ndipo ife sitikupempha yoteroyo. Chimene chikuopsa nchakuti mabwalo a m'matauni athu akufota chaka ndi chaka. Lero wina wadula ploti pangodya, mawa maziko a golosale afika pomwe timamenyera kona, mkuja mpingo wakhoma zikhomo kumbuyo kwa golo. Chaka cha chisankho chikafika, ofuna mavoti amabwera ndi chikho, mayunifomu ndi mbuzi ya opambana, koma za malo osewerera saziyankhula.

Inu mafumu ndi makhansala, tipimireni bwaloli, muikepo zizindikiro za simenti m'ngodya zonse zinayi, mulembe m'buku kuti ndi la ana. Mukatsala ndi kandalama, mutigulireko maukonde awiri a golo, milandu ya zigoli ichepe.