Mwana wa Ng'ona Wotchedwa Boma

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambiwu timautulutsa potsanzikana ndi mnyamata wopita ku Joni, kapena potonthoza mphunzitsi amene amusamutsa ku Domasi n'kumuponya kumudzi kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu. Koma mwana wa ng'ona woyenda kuposa onsewa amakhala m'kamwa mwathu momwemu. Ndi kaliwu ka zilembo zinayi: boma.

Imani pa Songani tsiku la msika mutchere khutu. Mayi akukwera minibasi akuti akupita ku boma, ndiye kuti ku Zomba. Bambo akudandaula mtengo wa feteleza akutukwana boma, ndiye kuti anthu a ku Lilongwe amene sanawaonepo ndi maso. Mnyamata akutsekula mpopi n'kuusiya ukuthira madzi pansi, mukamufunsa akuti "ndi za boma izi," ndiye kuti zopanda mwini. Kumunsi ku sikimu ya mpunga ngalande ikadzaza matope, mlimi khasu lili paphewa, koma choyamba kutuluka pakamwa n'chakuti boma litiganizire.

Dziwe lobadwira kang'onaka ndi Chiswahili, ndipo kumeneko kanali kofatsa. Boma ndi mpanda wa mitengo kapena minga wotchingira anthu ndi ziweto. Kunena mosapsatira, khola la ng'ombe. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi ku Zomba mu 1891, anali ndi asilikali ochokera ku India ndi ku Zanzibar, ndipo anamanga malinga monga Fort Johnston ndi Fort Lister. Msonkho unkaperekedwa kuseri kwa mpandawo, milandu inkazengedwa komweko, chikoti chinkalira komweko. Posakhalitsa mpanda ndi mwini mpanda anagawana dzina limodzi. Ayao a kuno kwa Malemia, amene makolo awo ankachita malonda mpaka kugombe la nyanja yamchere, Chiswahili sichikanawadodometsa. Chachilendo chinali kuona khola likutolera msonkho. Tisaiwalenso kuti mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, choncho belu la tchalitchi ndi mkulu wake wa boma ndi zaka 7, ngakhale mng'onoyo sapereka ulemu.

Pali anthu ena ovala tayi amene amakokera mpando pafupi n'kukuuzani motsitsa mawu kuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Nkhaniyi imakoma pa mowa, koma ndi bodza lamkunkhuniza. Aswahili ankamanga maboma awo Angerezi asanayambe kulamula aliyense kuno. Chimene sitifuna kuvomera n'chakuti nduna yonse ndi galimoto yake ya mbendera imagwira ntchito m'khola.

Maiwe ena ndi odabwitsa. Ku South Sudan boma ndi kachigawo kotsikitsitsa pa ulamuliro, midzi ingapo basi, moti mkulu wake akanakhala kuno tikanangomuti agulupu. Ku Congo kuli mzinda wa Boma m'mbali mwa mtsinje waukulu uja, umene unakhala likulu la Congo Free State mu 1886. Koma dziwe lakuya lili m'Chilingala, ndipo ng'ona ya kumeneko si pachibale ndi yathu, angofanana nkhope. Kumeneko "boma" ndiye kuti "ipha." Mu 1974 ku Kinshasa, Muhammad Ali akuswana ndi George Foreman, khamu linkakuwa kuti "Ali, boma ye!" pomuuza kuti amumalize. Tsono taganizani m'bale wathu wa ku Congo wochokera ku Dzaleka, wabwera kudzagula mpunga, n'kukumana ndi lole yodzaza achinyamata opaka penti kumaso akukuwa "Boma! Boma ilo!" uku akuloza munthu mmodzi wa suti. Thumba la mpungalo angalitole ena.

Liwu lomwelo Achilingala amaligwiritsanso ntchito pozimitsa nyali. Apa pokha ndiye tikugwirizana. Magetsi akathima nsima ili pamoto, ife a ku Domasi timatchula liwu lomwelo ndithu, wina asanapeze n'komwe machesi.

Mnyamata uja tinamutsanzika ndi mwambi nayenso wakaipeza ng'ona yake itamudikira. M'malo ogona alendo odzaona nyama ku South Africa, boma ndi bwalo lotchinga ndi bango, moto pakati, mipando mozungulira, pamene olemera amadyera nyama yootcha usiku. Iye ntchito yake ndi kusonkhezera moto ndi kuchotsa mbale. Poimba foni kumudzi anauza amayi ake kuti akugwira ntchito m'boma, ndipo sananame. Amayiwo auza kale mpingo wonse, ndipo akufunsa kuti penshoni idzayamba liti.