Iliki wakuda anandidyera mpamba

Mandasi a ku Dar es Salaam ndiwo anandisokoneza mutu. Ndinaperekeza achemwali anga kukaoda zitenje ku Kariakoo, ndipo m'mawa tinkamwera tiyi mandasi amene fungo lake linkatsalira m'kamwa mpaka masana. Mayi wokazinga anandiuza kuti amathiramo iliki, yemwe ena amamudziwa kuti cardamom, wolimidwa kumapiri a Usambara.

Nditabwerera ku Ndirande, ndinatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ndiyambe geni ya mandasi oterowo. M'sitolo ina ku Limbe anandionetsa mitundu iwiri: timakoko tobiriwira todula kwambiri, ndi makoko akuluakulu akuda otsikirako mtengo. Sindinafunse kanthu. Ndinaloza akudawo, poganiza kuti kukula kwake kukwanira ufa wambiri.

Mbewu ziwirizi n'zosiyana, ngakhale zonse zili pachibale ndi jinja. Wobiriwirayo kwawo n'kumapiri a Kerala ku India, ndipo masiku ano wochuluka amachokera ku Guatemala, kumene anafika ndi mlimi wa khofi wa ku Germany cha m'ma 1914. Pamtengo amangoposedwa ndi saffron ndi vanila. Ndiye wa m'tiyi ndi m'mandasi. Wakudayo amalimidwa ku Nepal ndi ku Sikkim, amaumitsidwa pamoto, n'chifukwa chake amanunkha utsi, ndipo malo ake ndi mumphika wa nyama kapena wa mpunga. Mitundu yonse iwiri ili ndi mafuta amene amapezekanso m'masamba a bulugamu, choncho wodziwa kuphika amangothirako pang'ono. Ine ndinasinja kapu yodzaza, makoko ndi njere zomwe, n'kukandira mu ufa wonse umene ndinagula.

Bambo woyamba kugula analuma kamodzi n'kulavula. "Mayi, mwathiramo mankhwala a chifuwa?" Pofika madzulo beseni linali lidakali lodzaza, ndipo ngakhale ana anga anawakana.

Ndalamazo ndikanaziiwala. Chimene chimandiwawabe ndi chimene ndinachita ndi makoko otsala. Ndinali nditamva kuti ku India anthu amatafuna iliki akatha kudya kuti m'kamwa mununkhire komanso kuti m'mimba musadzaze mpweya, ndipo ndi mwambo wakalekale ndithu. Amayi anga anali akudandaula za chilungulira ndi kuwotcha kwa m'mimba. Pofuna kuti chimene ndinagula chisapite pachabe, ndinayamba kuwawiritsira makokowo m'mawa ndi madzulo. Atanena zopita kuchipatala, ndinawayankha kuti, "Amayi, tayambani mwamwa kaye awa, mzere wa kumeneko ungokutopetsani." Anandikhulupirira chifukwa ndine mwana wawo.

Ankageya n'kumva kupepukidwa, ine n'kumati akuchira. Usiku wina anasanza magazi. Kuchipatala anapeza chilonda cha m'mimba, choyambitsidwa ndi tizilombo timene timafuna mankhwala opha mabakiteriya, osati madzi a zonunkhiritsa. Namwino anandifunsa kuti anayamba liti kudwala, ndipo nditamuuza, anandifunsanso chimene tinkadikira. Ndinafotokoza zonse, amayi akumva.

Anawaika magazi, anamwa mankhwala awo mpaka kumaliza, ndipo pano akudya bwinobwino. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza nditagulitsa wailesi ndi zitenje ziwiri zimene achemwali anandipatsa.