Ulemu Upite kwa Sipika ya M'minibasi

Tatamanda mafumu, tatamanda andale mpaka mawu kusasa, koma mphunzitsi wamkulu wa nyimbo m'dziko muno sitinamuthokozepo. Ndikunena sipika ya m'minibasi. Imakhala pansi pa mpando wakumbuyo, m'kabokosi ka matabwa komanga ndi waya, itapanikizana ndi thumba la usipa. Inang'ambika kalekale, n'chifukwa chake bezi ikagunda mumaimvera m'nthiti. Koma ntchito ndiye imagwira.

Ukulu wake wagona poti siifunsa. Foni yanu imakusasatitsani, imangokupatsani zimene mumakonda kale. Sipika ya m'minibasi ilibe manyazi amenewo. Ife okulira makaseti a kwa O.G. Issa tinalumbira kuti nyimbo zinathera pa Alleluya Band, Lucius Banda ndi Evison Matafale, zinazi ndi phokoso la ana. Takwerani ya ku Bangwe muone ngati lumbirolo lifike nanu. Mwathinana anayianayi, chenje chanu chili kwa kondakitala, muthawira kuti? Driemo mumumva, mufune musafune. Musanatsike, phazi layamba kale kugunda pansi popanda chilolezo chanu. Madzulo ana akukupezani mukung'ung'udza nyimbo ya Eli Njuchi kubafa, bambo wathunthu, mkulu wa mpingo.

Tsankho siilidziwa. Fulashi ya adalaivala anadzaza ndi mnyamata woika nyimbo pamsika, amene amangothira chilichonse bola malo akwane. Ethel Kamwendo Banda akangomaliza kutilalikira, amapiano a ku South Africa alowa osaodira. Kenako Alick Macheso ndi sungura yake, Yo Maps wa ku Zambia, ndiye mwadzidzidzi Don Williams, mzungu wa ku Texas amene Amalawi tinamusandutsa malume athu. Ndi sukulu iti ingakuyendetseni maiko onsewa pa mtengo wochoka ku Limbe kupita m'tauni? Azungu anadikira TikTok kuti adziwe Giddes Chalamanda ndi Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Ife sipika inali itatiphunzitsa kale mpaka makutu kuwawa.

Alipo odandaula kuti imasokosa. Amati: "Adalaivala, tatsitsaniko pang'ono!" Adalaivala, munthu waulemu, amatsitsadi, n'kukwezanso pa siteji yotsatira. Odandaulawa ndi osayamika. Wangongole akakuimbirani, amakupulumutsani ndani? "Sindikumva achimwene, ndili m'minibasi!" Ndipo simunaname. Kugogoda kwa injini yomwe yatsala pang'ono kufa nakonso imakubisirani, kuti muyende mtima uli m'malo.

Inu okonza mphoto za oimba, chaka ndi chaka mumaitana omwewomwewo atavala masuti. Amene amafikitsa nyimbo zawo m'makutu mwa anthu osafuna kumva mumamusiya pansi pa mpando. Chaka chino mupatseniko kenakake, ngakhale waya watsopano.