Kaundula wa Zomwe Dzimbiri ndi Abale Ake Adya M'nyumba Muno

Ndalama zalembedwa m'makwacha, maelekitironi alembedwa pambali. Chinthu chikataya maelekitironi nambala yake imakwera, ndiye oxidation. Chikalandira imatsika, ndiye reduction. Sipakhala chotaya popanda cholandira.

Malata awiri a pakhonde: K56,000. Misomali: K6,500. Mmisiri: K15,000, nsima ya masana osawerengera.

Lata ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, njira imene Stanislas Sorel analembetsa ku France mu 1837. Pa mndandanda wa akatswiri, umene umayika haidrojeni pa 0, chitsulo chili pa −0.44 V ndipo zinki ali pa −0.76 V. Amene ali pansi ndiye amayamba kutaya. Choncho lata likakalika, zinki amapereka maelekitironi awiriawiri, kuchoka pa 0 kufika pa +2, chitsulo chili phee. Zinki akatha m'pamene chitsulo chimayamba kudzilipirira: 0, kenako +2, kenako +3, kenako beseni pansi pa denga.

Malata athu akale zinki anawathera msanga chifukwa amene ankakhala muno kale anamangirira waya wa wailesi, wamkuwa, pa msomali wa lata. Mkuwa uli pa +0.34 V. Kuchoka pa −0.76 kufika pamenepo ndi 1.10 V, mphamvu ya batire la mkuwa ndi zinki limene John Daniell anapanga ku London mu 1836. Madzi a mvula anamalizitsa zotsalazo. Ndiye kuti dzinja lililonse tinali ndi batire padenga. Silinayatsepo babu.

Chitini chotungira madzi mumtsuko: K0, chinabwera ndi matimati. Chabooka. Tini amene amakuta chitsulo cha chitini ali pa −0.14 V, pamwamba pa chitsulo, ndiye chitini chikakalika wolipira ndi chitsulo. Tipeza china.

Mabatire anayi a tochi: K3,200. Tochi yatsopano: K7,000. Chikopa cha batire lotchipali ndi zinki yemwe uja, ndipo ndiye amadyeka kuti tochi iwale. Manganizi wa mu ufa wakuda wam'katimo amalandira, n'kutsika kuchoka pa +4 kufika pa +3. Nzeruyi ndi ya Georges Leclanché, ya mu 1866, ndipo imapereka 1.5 V. Chikopa chikabooka, phala lam'kati limatuluka n'kudya sipuling'i ya tochi. Ana akuti kuluma batire kumalipatsa moyo. Kumangosuntha ufawo kwa mphindi zochepa, zinki sabwerera.

Batire la sola: K240,000. Apa cholembera chinayamba chaima kaye.

Muli zipinda 6, chilichonse cha pafupifupi 2 V, monga anayambira Gaston Planté mu 1859. Likamagwira ntchito, mtovu wa mbali ina umakwera kuchoka pa 0 kufika pa +2, wa mbali inayo umatsika kuchoka pa +4 kufika pa +2, ndipo mbali zonse zimakutidwa ndi lead sulphate. Dzuwa likawala zonsezi zimabwerera m'malo mwake, ndipo m'kaundula yense uyu ndi pokhapa pamene wotaya amabwezeredwa. Koma batire likagonera masiku lili lopanda moto, sulphate uja amauma gwa, osasungunukanso. Alamu anabwera kudzacheza sabata ya mitambo. Amakonda mpira, ndi kubwereza kwa mpira womwewo usiku. Mtengowu walembedwa pa dzina la nyumba, poti sitingaulembe pa dzina lawo.

Thumba la makala: K22,000. Kaboni amachoka pa 0 kufika pa +4, okosijeni amatsika kufika pa −2, nyemba zimapsa. Mbaula ikakhala m'chipinda chotseka, kaboni wina amathera pa +2, umene ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha koma wakupha. Mbaula ikhale panja ngakhale mu June.

Poto wa aluminiyamu: K0, ndi wa paukwati. Pa −1.66 V akanayenera kutha asanathe malata, koma akangokhudzana ndi mpweya amadzikuta ndi kakhungu kopyapyala kolimba kamene kamatseka njira. Mayi a kuno amakachotsa madzulo aliwonse ndi sitiliwulu kuti poto awale, iko n'kumeranso pompo. Sitiliwulu: K1,000. Akagona wonyowa, kukacha amakhala atafiira.

Zonse pamodzi: K350,700.

Maelekitironi otayika ndi olandiridwa afanana ndendende, palibe ngakhale limodzi losowa. Ambiri apita kwa okosijeni, amene sapereka lisiti. Makwacha sanafanane ndi malipiro a mwezi.

Zoyembekezera mwezi wamawa: penti wa red oxide wopaka geti kuti lisachite dzimbiri, K18,000. Kufiira kwa pentiyo ndi chitsulo cha +3 chophatikana ndi okosijeni, chimodzimodzi chimene chili pa malata akale aja kuseri kwa bafa. Tikagula Loweruka.