Wolira Mvula Mmodzi, Matope Tonse

Akuluakulu akale anati walira mvula walira matope. Anali alimi anthu amenewa, ndipo mlandu anauweruza mwachilungamo: amene wapempha mvula ndi yemweyo aterereke pakhomo, asatisokose. Koma akuluakuluwo anatisiya asanaone bambo wa zaka 45, wa udindo wake kuofesi, atavala kabudula wothina, magalasi akuda ndi nsapato zolira kho kho kho akamayenda, atanyamula ndi dzanja limodzi njinga yodula kuposa galimoto ya mlamu wake. Akanamuona, mwambiwu akanauwonjezera mchira. Masiku ano wolira mvula amakhala mmodzi, matope n'kugwera mudzi wonse.

Anthu amenewa muwapeza Loweruka m'mawa. Ku Lilongwe amakonda msewu wa ku Salima kapena wa ku Mchinji, ku Blantyre amatsetsereka mapiri a ku Chikwawa kuti akavutike pobwerera, ku Zomba amakwera Ku Chawe lilime lili panja. Nthawi yopuma ikakwana amatsamiritsa njinga pakhoma la golosale, n'kuitanitsa fanta ndi mandasi. Ndale sakamba, mpira sakamba. Nkhani zawo ndi ziwiri basi: ndani anagwa, ndi kumene banja linapita patchuthi. Mukatchera khutu bwino mupeza kuti ndi nkhani imodzi yomweyo.

Yoyambayo imayamba ndi kupinda malaya, ndipo zipsera amaziyala ngati tomato pamsika. Wina aonetsa chigongono: "Ichi n'cha ku Thabwa, pakona ija ya mchenga." Mnzake ayang'ana monyodola. "Amwene, chimenecho mukuti chipsera? Ndimayesa anakulumani udzudzu. Taonani kuno." Apo akweza kabudula kuonetsa ntchafu imene inasupuka kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Wachitatu sayankhula. Angotsitsa kolala n'kuloza kafupa kolumikiza phewa ndi chifuwa, kamene kanathyoka n'kudzapola mokhota. Onse akhala chete mwaulemu. Ameneyo ndiye nyakwawa ya gululi, ndipo fanta yake amalipira ena.

M'macheza onsewa simudzamva munthu akuti ndinagwa chifukwa ndinathamangitsa. Yolakwa ndi mbuzi. Ikapanda mbuzi ndi nkhuku, kapena dzenje limene dzulo kunalibe, kapena minibasi imene inaima mwadzidzidzi kondakitala ataona munthu wa chikwama. Ndipo wakugwayo, ali chigonere pa tala, magazi ali chuchuchu, funso lake loyamba silikhudza mkazi kapena ana. "Njinga ili bwanji?" Anzakenso amayamba athamangira njingayo, kuzunguza mawilo, kuyesa mabuleki, kenaka m'pamene amacheuka: "Nanga inuyo, achimwene?" Nzeru yake ndi yakuti khungu limamera lokha, kwaulere, pamene felemu ya carbon ikang'aluka palibe wowotcherera wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amene angaigwire. Alipo ena amene asanadzuke n'komwe amayamba aimitsa wotchi, kuti pulogalamu ya Strava isawawerengere mphindi zimene agona mumsewu.

Pambali pa golosaleyo pamakhala anyamata a kabaza akudikira makasitomala, ndipo amamvetsera kukamwa kuli yasa. Iwonso amagwa, nthawi zina atanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, koma wakabaza sanyadira chipsera. Kwa iye kugwa ndiye kuti ya tsikulo yapita, masipoko athyoka, kasitomala watukwana. Zoti munthu adzuke 4 koloko, apalase makilomita 80 osanyamula kanthu, osalipidwa, n'kubwerera pomwe anachokera, wakabaza amangopukusa mutu. Ati ndalama zikachuluka zimabwera ndi matenda akeake.

Zipsera za m'gululi zikatha, amakabwereka za akatswiri akunja. Nkhokwe yawo ndi Tour de France, mpikisano umene unayamba mu 1903: milungu itatu, magawo 21, makilomita pafupifupi 3,500. Opikisana amayenda mothithikana, tayala la uyu pafupi kunyambita la uyo, chifukwa wobisala kumbuyo kwa anzake salimbana ndi mphepo ndipo amasunga mphamvu. Mvula yake ndi imeneyo. Matope ake ndi akuti mmodzi akaphonya, ogwa ndi makumi.

Mu 2011 galimoto ya wailesi yakanema, pozemba mtengo wa m'mphepete mwa msewu, inagunda Juan Antonio Flecha, ndipo Johnny Hoogerland wa ku Netherlands anauluka n'kukagwera pa mpanda wa waya waminga. Kabudula yense anatsala pamingapo. Anadzuka, anamaliza gawolo, kenaka anakamusoka masitichi 33. Mu 2013 Geraint Thomas anagwa tsiku loyamba, fupa la m'chiuno linang'aluka, koma anapalasa milungu itatu yonse mpaka ku Paris. Amayi nawonso sasiyidwa: Annemiek van Vleuten anatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Wollongong mu 2022 chigongono chili chothyoka. Anzathu a pagolosale akamafotokoza zimenezi, mumachita kuona kuti aliyense akudziyesa Hoogerland, chonsecho iyeyo anagwa pozemba nkhuku pa Nathenje.

Amene sasowa pakamwa pawo ndi Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, amene anapambana Tour kanayi. Mu 2016 pa phiri la Mont Ventoux oonerera anadzaza msewu, njinga yamoto yonyamula kamera inaima mwadzidzidzi, opalasa anaiwomba, njinga ya Froome n'kuthyoka. Mkuluyu, atavala jezi yachikasu ya wotsogola, anauyatsa wapansi kukwera phiri. Pa mpikisano wa njinga, wopanda njinga! Mu Juni 2019, akuyendera msewu wa mpikisano wa Critérium du Dauphiné, anachotsa dzanja pa handulo kuti amine, mphepo inamukankha, n'kukawomba khoma pa liwiro loposa makilomita 50 pa ola. Fupa la ntchafu, chigongono, nthiti, zonse chifukwa cha mamina.

Tsoka silinunkha ndithu. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana gawo la 10 la Giro d'Italia mu 2022, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kuchita zimenezo pa mipikisano ikuluikulu itatu ya njinga. Makona onse anadutsa, zitunda zonse anakwera. Atafika pansanja yolandirira ulemu anawerama kuti atsegule botolo la vinyo wa thovu, chotsekera chinaphulika n'kumumenya m'diso lakumanzere. M'mawa mwake sanapitirize mpikisano. Anadzabweza chipongwecho mu 2024 potenga magawo atatu ndi jezi yobiriwira pa Tour, ndipo chichitikire mpikisano wa dziko lonse ku Kigali mu Seputembala 2025, anzathuwa sakugwirikanso, ati masewerawa afika kwathu.

Pamakhala kamphindi kamene phwete limatha. Wina akatchula Fabio Casartelli, amene anafera pa mtsetse wa m'mapiri a Pyrenees mu 1995, kapena Gino Mäder amene anamwalira atagwa pa Tour de Suisse mu 2023, aliyense amayang'ana botolo lake. Lamulo lokakamiza akatswiri kuvala chipewa cholimba linabwera mu 2003, Andrei Kivilev atamwalira pa mpikisano wa Paris–Nice. Ndiye pofuna kuchotsa chisisiracho wina amafunsa, "Nanga holide munalowera kuti?"

Ku France Tour kawirikawiri imagwa mu Julayi sukulu zikutsekera, choncho kwa mabanja ambiri tchuthi n'chomwecho. Bambo amaimika galimoto yogonamo pa imodzi mwa makona 21 a phiri la Alpe d'Huez, banja n'kugona pamenepo masiku angapo kudikira anthu amene akadzafika adzangoti vuu, basi. Ana amene ankafuna kunyanja amatonthozedwa ndi kachipewa kaulere koponyedwa ndi otsatsa malonda. Pa 26 Juni 2021, tsiku loyamba la mpikisano, mayi wina anaima m'mphepete mwa msewu ku Brittany atanyamula katoni yolembapo moni wopita kwa agogo ake. Maso anali pa kamera, nkhongo ku njinga. Tony Martin wa ku Germany anaiwomba katoniyo, ndipo opalasa makumi angapo anaunjikana pa tala. Marc Soler wa ku Spain anamaliza gawolo mikono yonse iwiri ili yothyoka. Khoti linamulipiritsa mayiyo ma euro 1,200. Moni agogo anaulandira, limodzi ndi dziko lonse lapansi.

Kwathu kuno matope a mtundu umenewu amakonda kugwa pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene theka la tauni limakhamukira kunyanja. Bambo alengeza kudakali sabata: "Chaka chino mayi anu tikawasangalatse ku Senga Bay." Ana alumpha, mayi akasoketsa chitenje. Tsikulo likafika, woyamba kulowa m'galimoto ndi njinga. Padenga singakwere, ati fumbi ndi mphepo. Ndiye mpando wakumbuyo aupinda theka, felemu aigoneka pa bulangete limene mayi amasungira alendo, ana atatu apanikizana pa malo a munthu mmodzi ndi theka, wamng'ono atafungatira wilo lakutsogolo. "Usagwire masipoko, iwe!" Chikwama cha mayi chibwerera m'nyumba kukachepetsedwa.

Mabanja ena zimafika poipa. Bambo amati iye atsogola pa njinga, "inu muzibwera pang'onopang'ono", kutanthauza kuti mayi ayendetse galimoto pambuyo pake, mahazadi akuphethira, makilomita oposa 100 kuchoka ku Lilongwe, pa liwiro loti ndi thirakitala yomwe ikuwaimbira hutala. Ntchito ya ana ndi kutulutsa nthochi pawindo. Opita ku Mangochi amadzera ku Khwekhwerere, msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, ati ana aone kukongola kwa dziko lawo, chonsecho mwini wake akuloweza makona.

Kunyanjako tambala asanalire, bambo wavala kale kabudula uja. "Ndingowongolako miyendo, tiyi ndidzamwera konkuno." Tiyi azizira. Dzuwa lifika paliwombo. Ana asambira, atopa, ayamba kulirira boti limene analonjezedwa. Cha m'ma 1 koloko foni ilira, nambala yachilendo, ndipo munthu wachifundo afunsa ngati akuyankhula ndi akunyumba a bambo ovala zothina. Tsiku la anakubala lithera pa benchi la chipatala, mayi atafumbata nsapato zolira zija ndi chipewa chong'aluka, namwino akuchotsa mchenga m'bondo la munthu wamkulu amene akukuwa kuti mayo ine. Chambo chimene anaitanitsa chidyedwa chozizira. Ndalama ya boti ipita kwa mwini pikapu amene anatola njinga, yotsalayo isungidwa, pakuti wilo latsopano liyenera kuchokera ku Johannesburg. Masiku otsalawo bambo sangalowe m'madzi, chilonda chinganyowe. Sanganyamule mwana, phewa. Pobwerera sangayendetse galimoto. Chimene angathe ndi kujambula bondolo n'kutumiza pa gulu la WhatsApp, kumene anzake akufunsa kale za njinga.

Akachira mukamupeze pagolosale paja, mumufunse za tchuthi. "Tinanjoya kwambiri, amwene. Kuli kamtsetse kena kokoma zedi kumeneko."

"Nanga alamu ndi ana?"

Aganiza kaye. "Anasangalala. Sakundiyankhulitsa bwinobwino, koma n'kutopa chabe."

Mukawapanikiza amathawira ku mwambi wina, ati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, mayiwo ankadziwa amene akukwatiwa naye. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Mayiwo anakwatiwa ndi mnyamata wa suti amene Loweruka ankagona mpaka 9 koloko. Mphenzi inalowa m'banjamo mochedwa, dokotala atatchula BP, shuga ndi mimba imene inayamba kubisa lamba, ndipo ankhoswe sanaitanidwe. N'zoona kuti mayi omwewo ndi amene anati, "Bambo a ana, pezaniko masewera olimbitsa thupi." Opalasa akafika apa amaomba m'manja, ati mwaona, mvula analira ndi iwowo. Ayi. Mayiwo ankanena zoyenda wapansi madzulo kuzungulira mpanda. Analira mawawa, kunabwera napolo.

Njinga sindidana nayo. BP imatsikadi, mimba imaphwa, ndipo bambo amene ali pa chishalo 5 koloko m'mawa mudziwe kuti sanachezere kumowa. Koma inu akuluakulu a kabudula wothina, Okutobala akamayandikira chitani chilungamo. Ngati njinga ikupita nawo kunyanja, ikwere padenga, ana akhale pampando. Chipewa chimangidwe pachibwano. Makiyi a galimoto, ndalama ya boti ndi ya chambo muwapatse mayi m'manja musanakwere chishalo, ndipo nambala yawo muilembe pakapepala m'thumba la kumsana, wokutolaniyo asadzavutike.