Positi yothamanga, ahedi osafulumira

Ukakhala kunja, abale kumudzi amaganiza kuti ndalama umachita kuyoola ndi fosholo. N'chifukwa chake pa ukwati wa mwana wa achemwali ku Dedza, ntchito yosindikiza ndi kutumiza makadi 150 inagwera ine, amalume a ku Botswana. Sadziwa kuti amalumewo amakhala ku Old Naledi, dera lomwe linayamba ndi zisakasa za anthu omanga mzinda wa Gaborone m'zaka za m'ma 1960, ndipo amadyera kukanda simenti.

Ndinakwera combi kupita ku positi ofesi ya ku Main Mall, katoni ili pamiyendo. Mayi wa pakauntala anandifotokozera bwinobwino njira zitatu.

Yoyamba ndi wamba: sitampa pa envulopu iliyonse, basi. Mtengo wake ndi wachifundo, koma kalata ilibe nambala yoilondolera. Ukaiponya, umangoipempherera.

Yachiwiri ndi rejisitala. Umawonjezera ndalama, amakupatsa lisiti ndi nambala, ndipo wolandira amasaina ataonetsa chiphaso. Liwiro lake silisiyana kwenikweni ndi la wamba, chomwe ukugula ndi umboni. Ndinaganizira azakhali anga, omwe chiphaso chawo amachisunga m'jumbo, jumboyo m'chitini, chitinicho pansi pa bedi, atayenda ulendo wonse kukafika pa boma kukasainira khadi la ukwati wa mwana yemwe amatunga naye madzi pamjigo umodzi.

Yachitatu ndi EMS, yothamanga, yolipira potengera kulemera ndi dziko lomwe ikupita. Atanditchulira mtengo wa envulopu imodzi, ndinauchulukitsa ka 150 pafoni. Foniyo ndinaibwezera m'thumba mwaulemu.

Ndinafunsanso za mtengo wa makalata ambirimbiri, uja amatumizira mabanki ndi makampani. "Rra, kampani yanu ndi iti?" Ndinangoyang'ana nsapato zanga za simenti.

Nzeru zinabwera ndili m'combi. Makadi onse akhale phukusi limodzi la EMS kupita kwa alamu ku Lilongwe, iwowo akamate masitampa a Malawi Posts Corporation n'kutumiza pamtengo wa m'dziko momwemo. Kulipira kulemera kamodzi, osati ka 150. Usiku umenewo ndinadzitcha katswiri wa zachuma, mayi a kunyumba n'kungopitiriza kupala poto.

Phukusi linafika msanga, alamu anasaina, masitampa anamata. Apa m'pamene panali nkhani. Kwathu, ngati kunonso ku Botswana, kalata sibwera pakhomo, imathera m'bokosi la ku positi. Mudzi wathu wonse, pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, timagwiritsa ntchito bokosi la sukulu ya pulayimale, ndipo kiyi ali ndi ahedi. Iwo amapita ku boma akakhala ndi chifukwa chawochawo, kawirikawiri pakutha pa mwezi. Mwezi umenewo njinga yawo inali yophulika tayala.

Makadi anagawidwa kwa ana a sukulu pa asembule Lolemba, ukwati utachitika Loweruka. Anthu anadzadza ndithu, poti anali atamva kale kutchalitchi ndi pa WhatsApp, ndipo mpunga unaperewera. Achemwali akuti makadiwo ndi okongola, ena akupachika pakhoma.

Inu amene mukufuna kutumiza makalata ambiri kumudzi, musanafunse mtengo wa EMS, yambani mwaimbira ahedi muwafunse za tayala.